NDALAMA ZA PAFONI: UBWINO WAKE, KUIPA KWAKE NDI THUMBA LA BUNGWE LATHU

(Awa ndi mawu amene mmodzi wa ife, yemwe wagwira ntchito yowerengera ndalama kwa zaka zambiri, anayankhula pa msonkhano waukulu wa pachaka wa ophunzira akale. Tawasindikiza onse kuti anzathu amene analephera kufika awawerenge nkhaniyi isanagamulidwe pa msonkhano ukudzawu. Mkonzi.)



Poyamba ndithokoze komiti kaamba kondipatsa mpata uwu. Monga mwamva kuchokera kwa a Mlembi, pali ganizo lakuti zopereka zathu za pachaka, ndalama zolipirira ana ovutika fizi ndiponso chipepeso cha pamaliro zizidutsa pafoni basi, ndipo a Msungichuma aleke kulandira ndalama pamanja. Ena mwa inu mwaomba m'manja, ena mwapukusa mitu. Ine andipempha kuti ndifotokoze mbali zonse ziwiri, kuti pomanga mfundo aliyense adziwe chimene akuvomera kapena kukana. Ndalama tikukambazi si zathu ayi. Ndi za mwana uja amene akalephera kulipira fizi chigawo chikubwerachi abwerera kumudzi osadzaonekanso pano.

KUMENE TACHOKERA

Ambiri muno mukukumbukira mmene fizi inkafikira pasukulu ino. Ena ankaisokera m'kabudula, ena kuimanga pampango n'kuibisa pansi pa sutikesi, ndipo ulendo wonse m'basi ya UTM dzanja silinkachoka pamalopo. Makolo amene anali kutali ankagula postal order kupositi ofesi n'kuitumiza m'kalata yolembetsa, mwana n'kumadikira sabata ziwiri kapena zitatu, uku a bursar akumuitana dzina tsiku ndi tsiku. Amene bambo awo anali kumigodi ku Joni ankadikira munthu wobwerera kumudzi, ndipo si onse otumidwa amene ankafikitsa katundu yense. Nawo aphunzitsi a m'midzi ankataya tsiku lathunthu pa ulendo wokalandira malipiro kuboma.

Zinthu zinayamba kusintha ku Kenya m'chaka cha 2007, pamene kampani ya Safaricom inatsegula M-Pesa. Kuno kwathu Airtel Money inayamba mu 2012, ndipo TNM Mpamba inatsatira mu 2013. Mu 2015 kunabwera National Switch imene inalumikiza mabanki, ndipo pambuyo pake zinatheka kuti ndalama zichoke kubanki kupita pafoni, ngakhalenso kuchoka pakampani ina ya mafoni kupita painzake. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la Payment Systems Act, lopatsa Reserve Bank of Malawi mphamvu zoyang'anira ntchito zonsezi.

Ndifotokoze pang'ono mmene zimayendera, poti ena amaganiza kuti ndalama za pafoni ndi mphepo chabe. Mukapereka K10,000 kwa ejenti, iye amachotsa K10,000 pa float yake n'kuisamutsira panambala yanu. Float imeneyo anaigula kale ndi ndalama zenizeni, ndipo malamulo amakakamiza kampani kusunga ndalamazo kubanki, mu akaunti yapadera imene kampaniyo singaigwiritse ntchito pa zofuna zake. Choncho kwacha iliyonse imene mukuiona pafoni ili ndi inzake imene yagona kubanki. Foni ili ngati kaundula wamkulu wolembamo kuti uyu ali ndi zingati, uyo ali ndi zingati. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa ubwino ndi kuipa kwa njirayi zonse zikuchokera pa kaundula ameneyu.

UBWINO WAKE

Ubwino woyamba ndi wakuti mtunda unatha mphamvu. Mnzathu ali ku Karonga, wina ku Nsanje, wina ku Johannesburg kapena ku Leeds, onse angathe kupereka ku thumba lathu tsiku limodzi popanda wokwera basi. Kale, amene walephera kufika pamsonkhano uno ndiye kuti chaka chimenecho sapereka. Lero makampani otumiza ndalama monga Mukuru amafikitsa thandizo la achibale a ku South Africa mpaka pafoni ya mayi kumudzi. Mayunitsi a magetsi a ESCOM, bilu ya madzi ndi zina zotero munthu amalipira ali pakhonde pake, usiku kapena Lamulungu.

Ubwino wachiwiri ndi chitetezo panjira. Kwacha yathu inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Pepala la K2,000 linatuluka mu 2016, la K5,000 mu 2022, komabe fizi ya ana khumi mukainyamula pamanja ndi mtolo woti wakuba amauona patali. A Msungichuma athu akhala akuchoka pamsonkhano uno ndi chikwama chotupa, n'kukwera minibasi ngati wina aliyense. Mulungu watisunga, koma si bwino kumuyesa chaka ndi chaka. Foni ikabedwa, ndalama sizipita nayo ngati wakubayo sadziwa nambala yachinsinsi. Mwini wake amakatenga simukhadi ina ya nambala yomweyo n'kupeza chuma chake chili chikhalire.

Ubwino wachitatu, umene kwa ine ndi waukulu kuposa onse, ndi umboni. Ndalama ya pamanja ilibe pakamwa. Ikasowa, wina amati ndinapereka, wina amati sindinalandire, ndipo mabungwe ambiri onga lathuli aphwasuka pa mawu awiri amenewa. Koma ndalama ikadutsa pafoni imasiya phazi: tsiku, ola, nambala ya wotumiza, nambala ya wolandira ndi kuchuluka kwake. Wowerengera ndalama akafuna kufufuza amapempha sitetimenti n'kuyerekeza ndi buku la malisiti. Umboni wotere umateteza bungwe, komanso umateteza Msungichuma wokhulupirika ku miseche ya anthu.

Ubwino wachinayi ndi wa pa nthawi ya mavuto. Matenda ndi maliro siziimba ng'oma pobwera. Akatswiri awiri a zachuma, Tavneet Suri ndi William Jack, anafufuza mabanja a ku Kenya kwa zaka zingapo, ndipo mu 2016 analengeza kuti M-Pesa inathandiza mabanja pafupifupi 194,000 kutuluka mu umphawi wadzaoneni, makamaka mabanja otsogoleredwa ndi amayi. Anaonanso kuti banja likagwa m'vuto, thandizo limabwera msanga ndipo limachokera kwa abale ambiri, ngakhale akutali. Ifenso izi tikuziona: uthenga wa maliro ukamveka m'mawa, pofika masana ndalama ya bokosi yapezeka.

KUIPA KWAKE

Tsono akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tiyeni tiung'ambe mkuyuwu.

Choyamba ndi mtengo. Ndalama ya pepala ikachoka m'dzanja langa kupita m'dzanja lanu imafika yathunthu. Ya pafoni imanyenyeka panjira: potumiza mumadulidwa, potapa mumadulidwanso, n'chifukwa chake masiku ano aliyense wopempha thandizo amamaliza ndi mawu akuti "muonjezere yotapira". Mukayang'ana bwino mitengo imene imapachikidwa pa tizitolo ta maejenti, muona kuti wotapa ndalama zochepa ndiye amataya gawo lalikulu la ndalama zake poyerekeza ndi wotapa zambiri. Kunena kwina, wosauka amalipira mokwera kuposa wolemera. Pamwamba pa izi, kaundula uja amakopa maso a otolera msonkho, poti n'kosavuta kudulirapo. Ku Uganda mu 2018 anaika msonkho wa 1 peresenti pa ndalama za pafoni, ndipo anthu atadandaula anautsitsa kufika theka la peresenti pa kutapa kokha. Chaka chomwecho ku Zimbabwe anaika wa 2 peresenti. Ku Ghana anaika wa 1.5 peresenti mu 2022 n'kudzauchotsa mu 2025. Kuno kwathu mu 2019 boma linafuna kuika wa 1 peresenti koma linabweza ganizolo anthu atakana. Phunziro lake ndi lakuti mtengo wa njirayi sitiupanga ife, ndipo ungasinthe usiku umodzi.

Chachiwiri ndi akathyali. Ndanena kuti wakuba wa pamsewu wachepa mphamvu, koma sanafe ayi, wangosintha khomo lolowera. Kale ankang'amba thumba, lero amalowera kukhutu. Njira zawo mukuzidziwa. Mumalandira uthenga wooneka ngati wa kampani wonena kuti mwalandira ndalama, kenaka munthu amaimba akulira kuti waphonya nambala, chonde mubweze, pamene pafoni panu sipanalowe kanthu. Wina amadzitcha wogwira ntchito kukampani n'kunena kuti nambala yanu itsekedwa lero mukapanda kudina manambala amene akuuzeni. Wina amati mwapata mphoto, kapena mwasankhidwa kulandira thandizo la boma, koma muyambe mwatumiza kangachepe. Wina amatumiza uthenga wongoti ndalama ija mutumize panambala iyi, podziwa kuti mwa anthu chikwi, mmodzi ali ndi ngongole imene akufuna kubweza tsiku limenelo. Choopsa kwambiri kwa ife ndi ichi: kholo limaimbiridwa kuti mwana wanu wakomoka kusukulu, tili naye kuchipatala, tumizani ndalama msanga. Ndi kholo liti limene lingayambe kufunsa mafunso pa nthawi yotero? Tinalembetsa zitupa za unzika mu 2017, tinalembetsa masimukhadi mu 2018, koma chinyengo sichinathe, chifukwa akathyali amagwiritsa ntchito zitupa za anthu ena. Ndipo ndalama ikangotapidwa kwa ejenti, ili ngati madzi otayika, saoleka.

Onani bwino apa, amayi ndi abambo. Pa njira zonse ndatchulazi palibe pamene wakuba wathyola makina a kampani. Iye amathyola munthu. Zida zake ndi zitatu: mantha, dyera ndi changu. Ndipo musaganize kuti amagwa ndi osaphunzira okha. Aphunzitsi, abusa ndi anthu a madigiri agwamo, kungoti amachita manyazi kunena.

Chachitatu ndi chakuti chikwama cha pafoni chimadalira magetsi ndi netiweki. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, ndipo dziko linakhala m'mavuto a magetsi kwa miyezi yambiri. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anakokolola misewu, milatho ndi mapolo m'chigawo cha kummwera. Pa masiku otero munthu angathe kukhala ndi ndalama pafoni koma osagula ngakhale ndiwo, chifukwa batire yatha kapena netiweki palibe. Ku Zimbabwe, kumene ndalama za pepala zinasowa ndipo pafupifupi aliyense ankadalira EcoCash, makina atafa kwa masiku awiri mu 2018 anthu anasiya katundu pamatilu m'masitolo. Ngakhale ku Sweden, dziko limene anthu ake ambiri anasiya kugwira ndalama pamanja, boma limalangiza mabanja kuti azisungako ndalama za pepala m'nyumba kuchitira tsiku la tsoka. Kumidzi kwathu kulinso vuto lina laling'ono koma la tsiku ndi tsiku: mumayenda mtunda wautali kukafika kwa ejenti, iye n'kukuuzani kuti alibe ndalama yokupatsani, mubwere mawa.

Chachinayi ndi anthu otsalira m'mbuyo. Muno muli anzathu amene anamaliza sukulu kwacha isanabadwe mu 1971, amene analipira fizi yawo m'mapaundi ndi m'mashereni. Maso afooka, zala zikunjenjemera, ndipo tizilembo ta pafoni n'tating'ono. Kumidzi kuli agogo olera ana amasiye amene sadziwa kuwerenga, ndi amayi ambiri amene foni ya pakhomo imakhala m'thumba la bambo. Munthu wotere akafuna kutapa ndalama amapereka foni kwa mdzukulu kapena kwa ejenti n'kutchula nambala yachinsinsi mokweza pagulu. Pamenepo chinsinsi chatha, ndipo chitetezo chonse ndinatamanda chija chapita. Tikanena kuti pafoni basi, ndiye kuti tatsekera kunja anthu amene anamanga bungweli ndi ena amene bungweli linapangidwira.

Chachisanu ndi kupepuka kwa dzanja. Ndalama ya pepala imapweteka pochoka, chifukwa umaiona ikuchepa. Ya pafoni imachoka mwakachetechete. Pafoni pomwepo pali ngongole zofulumira zimene chiwongoladzanja chake mukachiwerengera pa chaka chimayandikira katapila, ndipo pomwepo palinso juga ya mpira imene yameza achinyamata ambiri. Mwana wa sukulu amene mwamutumizira fizi panambala yake ali ndi mayesero m'thumba usana ndi usiku. Si kuti ana athu ndi oipa, koma sitiyenera kuika nyama pakamwa pa mphaka n'kumati tikumuyesa ulemu.

Chomaliza ndi chakuti kaundula uja ali m'manja mwa ena. Amene ali ndi kaundula amadziwa amene mumawatumizira, nthawi yake ndi kuchuluka kwake, ndipo angathe kutseka khomo. Mu Juni 2020 boma la Zimbabwe linalengeza mwadzidzidzi kuti likuimitsa ntchito zambiri za ndalama za pafoni, ponena kuti zikukolezera msika wa ndalama zakunja wosavomerezeka, ndipo maejenti ochuluka anatsekeredwa. Palinso nkhani ya imfa. Mwini nambala akamwalira, abale sangangotenga ndalamazo. Pamafunika makalata a umboni ndi maulendo angapo. Tsono taganizani ngati thumba lonse la bungwe lili panambala ya munthu mmodzi, munthuyo n'kutisiya mwadzidzidzi.

MAGANIZO ANGA

A Pampando, mukaika zonsezi pasikelo muona chinthu chimodzi. Foni ndi mtumiki wothamanga ndipo saiwala, koma siisunga chilungamo m'malo mwathu. Makolo athu pa nkhani ya ndalama anali ndi malamulo atatu: pakhale mboni, pakhale lisiti, ndipo bokosi lisatsegulidwe ndi munthu mmodzi. Amayi a banki m'khonde mpaka lero amatseka bokosi lawo ndi maloko atatu, makiyi n'kugawana anthu atatu. Vuto la mabungwe ambiri ndi lakuti posamukira pafoni amasiya malamulo amenewa m'mbuyo. Amangolengeza nambala ya Msungichuma, ndalama za gulu n'kusakanikirana ndi za ndiwo zapakhomo pake, kiyi n'kukhala manambala anayi m'mutu mwa munthu mmodzi. Zikatero ndiye kuti tabwerera m'mbuyo uku tikudzitama kuti tapita patsogolo.

Choncho ine ndikuti ganizoli tilivomere, koma tilimange ndi zingwe izi.

Choyamba, ndalama zisalowe panambala ya munthu aliyense, ngakhale akhale wokhulupirika chotani. Bungwe likhale ndi nambala yolipirira yolembetsedwa m'dzina lake, yolumikizidwa ku akaunti yathu ya kubanki. Foni ikhale khomo lolowera, banki ikhale nkhokwe.

Chachiwiri, ndalama isatuluke popanda anthu awiri mwa atatu kusainira, monga malamulo a bungwe lathu anenera kale. Uthenga wa pa WhatsApp wonena kuti a Pampando avomera si siginecha.

Chachitatu, fizi ya ana amene tikuwathandiza izipita molunjika ku akaunti ya sukulu, ndipo lisiti la a bursar lizisungidwa m'faelo. Isadutse pafoni ya mwana kapena ya womulera.

Chachinayi, nambala yolipirira izisindikizidwa m'kalata yathu ya nkhani yokha. Isasinthidwe ndi uthenga wa pafoni. Aliyense wolandira uthenga wonena kuti nambala yasintha, kapena kuti mnzathu wina wagwa m'vuto, ayambe waimbira wa komiti panambala imene akuidziwa kale. Safunsa anadya phula. Ndipempheko a Mphunzitsi Wamkulu kuti nawonso auze makolo onse momveka kuti ndi nambala iti imene sukulu imaimbira mwana akadwala.

Chachisanu, khomo la ndalama za pamanja lisatsekedwe. Pa msonkhano uliwonse pakhale tebulo, buku la malisiti ndi anthu awiri olandira, ndipo ndalamazo zikalowe kubanki tsiku lotsatira la ntchito. Mkulu wathu amene wasunga chopereka chake m'envelopu chaka chonse asabwezedwe pakhomo chifukwa alibe foni yamakono.

Chachisanu ndi chimodzi, miyezi itatu iliyonse a Msungichuma azitulutsa sitetimenti, ndipo ndalama zodulidwa potumiza ndi potapa zizilembedwa pa mzere wakewake, kuti tizidziwa kuti njirayi ikutidyera zingati pa chaka. Tikaona kuti zodulidwazo zikukwana fizi ya mwana mmodzi, tidzakhalenso pansi.

Kwa aliyense payekha ndili ndi mawu ochepa. Nambala yachinsinsi isakhale chaka chanu chobadwa, ndipo musaiuze munthu, ngakhale wodzitcha bwana wa kukampani, chifukwa kampani siifunsa nambala imeneyi. Musanatsimikize kutumiza, werengani dzina limene latuluka. Wina akati wakutumizirani molakwitsa, yambani mwaona ndalama zimene zilipo pafoni panu, kenaka mumuuze kuti akadandaule kukampani, imene ili ndi njira yake yobwezera. Munthu akakufulumizitsani, inu ndiye dekhani, poti kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukaberedwa musabise: dziwitsani kampani ola lomwelo, kenaka apolisi, ndipo muchenjeze anzanu. Ndipo inu achinyamata amene mwatuluka posachedwapa, mukapita kumudzi pa tchuthi khalani pansi ndi agogo, muwaphunzitse mofatsa, osati kuwalanda foni n'kuwachitira.

Nkhaniyi ndaisiya m'manja mwanu. Mukaikambirane m'nthambi zanu, ndipo amene muli ndi maganizo osiyana ndi angawa mulembere a Mlembi msonkhano ukudzawu usanafike, poti mutu umodzi susenza denga. Pogamula tikumbukire ana amene maina awo ali pa mndandanda wa a Msungichuma, amene akudikira kuti chigawo chikubwerachi adzakhale m'kalasi momwe ife tinakhala.

 Mulungu adalitse sukulu yathu.